Khoma la Kuchidikiro Silinathe

Anthu a Ubale wa Aluso mu Chipata ndi okangana kuposa ogulitsa tomato. M'menemo muli olemba zikwangwani, osema, atelala, oimba magitala ndi a zisudzo, ndipo akakumana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika wa Kapata, aliyense amafuna mawu otsiriza akhale ake. Koma pali zinthu ziwiri zimene sakanganapo. Choyamba, chaka chilichonse chimanga chikalowa m'nkhokwe amasankha mmodzi mwa iwo n'kumutumiza kukakhala kumudzi miyezi ingapo. Amamupezera pogona ndi chakudya kuti agwire luso lake popanda womusokoneza, ndipo iye pochoka amasiyako ntchito yothandiza eni mudzi. Chachiwiri ndi lamulo limene anaika a Gideon Mbewe, wapampando wawo, tsiku lina atapeza mnzawo akuwongola zilembo pachikwangwani chimene iwo anali asanamalize: khoma la mnzako sulikhudza. Woyamba ndiye womaliza.

Chaka chimenecho anasankha Shamim.

Shamim anakulira kuseri kwa kauntala m'sitolo ya zitenje ya bambo ake, amene anabwera kuchokera ku Mangochi ali mnyamata. Chitenje akachiona kamodzi, Shamim amatha kuchijambula mawa lake osaphonya duwa. Bambo atamwalira sitolo inatsala m'manja mwa mlongo wake Majid, munthu wabwino koma woopa pakamwa pa anthu. Atamva za ulendowo anagwira mutu.

"Jambula maluwa, mlongo wanga, jambula mapiri. Koma nkhope za anthu? Ine kumzikiti ndiziyang'ana kuti?"

"Muziyang'ana kutsogolo, achimwene, kumene ayang'ana anzanu onse," anatero Shamim, akumanga maburashi ake m'kansalu.

Anamutumiza ku kiliniki ina yaing'ono ya ku Kasenengwa. Pambali pake pali chidikiro, nyumba imene amayi apakati ochokera kutali amadzagonera masiku awo akayandikira, kuti matenda asawayambe ali kuseri kwa mapiri. Khoma lake lakutsogolo, lalitali ndi loyera, limayang'ana njira yopita kumjigo, kotero mudzi wonse umadutsa pamenepo. Penti inachokera ku kampani ina ya ku Lusaka. Eni ake anapempha kanthu kamodzi kokha: pakati pa khoma pakhale mayi wathanzi atanyamula mwana wonenepa, ndipo ntchito ikatha adzabwera kudzajambula chithunzi cha pakalendala yawo. Akakondwa, adzathandizanso wotumizidwa chaka chamawa. A Gideon anavomera mawu asanathe n'komwe. Sanakumbukire kuti walira mvula walira matope.

Mwa amayi onse a m'chidikiro, nkhope imene inamugwira Shamim inali ya Magalita. Anali wamtali, wa masaya akuthwa, ndipo pakamwa pake panali pakuthwa kuposa masayawo. Akatsuka mbale zimalira, akayankha nasi, nasi amayamba wameza malovu. Anzake onse amaitanidwa amake uje, amake uje, ngakhale atsikana aang'ono kwa iye, koma iye anali Magalita basi. Shamim anazimva zimenezo, koma sanafunse chifukwa chake. Safunsa anadya phula.

Anatchinga pakati pa khoma ndi mphasa kuti adzawadzidzimutse, nagwira ntchito kuseri kwake dzuwa la Seputembala likumuwamba msana. Tsiku lochotsa mphasa anaitana onse. Pakhoma panali Magalita weniweni, atavala chitenje chake cha mawanga a nkhanga, akumwetulira mwanjira imene mwini wake anali asanamwetulirepo, ndipo m'mikono mwake munali mwana wa masaya ngati mandasi. Shamim anadikira nthungululu. Amayi anayang'ana pansi. Mmodzi anakumbukira kuti wasiya nyemba pamoto, wina anamutsatira, ndipo posakhalitsa pakhonde panatsala Shamim ndi nkhuku.

M'mawa mwake, pochokera kumjigo, Shamim anapeza Magalita ali chilili pakhoma, mimba patsogolo, beseni la pulasitiki lobiriwira lili pamapazi. M'besenimo munali mtsiro, dothi lakuda lija amazirira pansi m'khitchini. Mwana wa pakhoma anali atakwiririka mpaka m'khosi. Magalita samabisala ayi. Amazira mosamala, monga azirira munthu nyumba yake alendo akamabwera.

"Amayi inu, muchita chiyani?"

"Ndizira. Simuona?"

"Mudziwa masiku amene ndapsa ndi dzuwa pamenepo?"

"Nanga inu mudziwa miyezi imene ndathera apa?" Magalita anagwira mimba yake ndi dzanja lamatope. "Mwana uyu mwamutenga kuti, asisi? Anakuuzani ndani kuti ndi wonenepa? Anakuuzani ndani kuti adzalira?"

Shamim anali atapsa kale mtima. Mwambi wakuti sagula mbereko mwana asanabadwe amaudziwa, koma amaudziwa monga mmene tidziwira miyambi m'tauni, wonena poseka mnzako amene wagula matayala galimoto alibe.

"Penti siipha mwana," anatero.

"Ndani wanena kuti ipha?" Magalita anatapa dothi lina n'kuphimba masaya aja. "Awiri anapita padera. Wachitatu anabadwa osalira, anakamuika amayi okhaokha kudambo, ine ndili gone. Nthawi imeneyo amuna anga a Petulo anakondwa msanga, anakagula beseni losambitsira mwana ku Chipata. Ndi ili muliona apa. Tsopano uyu akapanda kubwera, inu mudzakhala muli kwanu kutauni. Wodutsa pano ndi chidebe pamutu, m'mawa ndi madzulo, kumadziona ataseka ndi mwana amene kulibe, ndine."

Shamim anachita manyazi, ndipo manyaziwo anamupweteka kuposa ntchito yowonongekayo. Anaima pamenepo mpaka mwana yense anatha. Kenako, poti anali munthu wosadziwa kugonja osapeza pena poima, anayang'ana khoma lonse kuyambira uko mpaka uko.

"Nanga ndikakujambulani nonse, aliyense ndi chitenje chake, mikono ili chonchi koma mulibe kanthu? Mwana ndizimuika pokhapokha mwini wake atabwera naye, atatuluka m'chikuta, ine nditamuona ndi maso."

"Wanga musamuike ndisanabwere naye."

"Sindidzamuika."

"Ngakhale abwere mabwana anu aja?"

"Ngakhale abwere."

"Lumbirani mwa kwanu."

"Wallahi," anatero Shamim.

Magalita anatsuka manja m'chidebe cha Shamim osapempha.

Ntchito inayenda. Shamim anapala dothi lija, nakonzanso pakati, ndipo Magalita wa pakhoma anatsala ndi mikono yopinda yopanda kanthu, kumwetulira kutachotsedwa. Kumanja ndi kumanzere kwake kunabwera anzake. Amayi amakangana kuti wayamba ndani kujambulidwa, wina amadandaula kuti amuchepetsa mphuno, wina amakabwereka chitenje chatsopano. Wochira akapita kwawo, mchombo wa mwana ukagwa ndipo masiku a m'chikuta akatha, amabweranso naye pamsana, Shamim n'kumuika m'mikono ya amake anthu akuimba. Panali mtsikana mmodzi amene anachoka m'chipinda chochirira manja ali lende. Shamim anamufunsa mwakachetechete ngati afuna amufafanize pakhomapo. "Ndisiyeni," anatero mtsikanayo. "Nanenso ndinalipo."

Tsiku la alendo a ku Lusaka litayandikira, khoma linali la ana apa ndi apo, ngati chimanga chomera mvula itadukiza. Dzulo lake matenda anamuyamba Magalita. Anavutika kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, mwana osatsika, ndipo nasi anaitanitsa ambulansi kuti imutengere ku Chipata. Pokwezedwa, Magalita anangotembenuza mutu kuyang'ana khoma, kenako Shamim. Foni ya a Petulo kuyambira pamenepo inangokhala yozima.

A Gideon anafika m'mawa, alendo asanabwere, atavala jekete ngakhale kunja kunali ng'anjo. Anali munthu wamkulu, mwana wa mphunzitsi wa kumishoni, ndipo theka la zikwangwani za mu Chipata linatuluka m'manja mwawo. Anayenda m'mbali mwa khoma akugwedeza mutu mokondwa, kufikira anafika pakati. Pamenepo anavula magalasi, nawapukuta, nawavalanso.

"Mwana ali kuti?"

"Sanabadwe, acheya. Kapena wabadwa. Sitinamve."

"Sindifunsa wa ku chipatala. Ndifunsa wa pakhoma."

Shamim anawafotokozera zonse, za beseni ndi za lumbiro. A Gideon anamvetsera mpaka kumapeto, pakuti sanali munthu wouma mtima. Anapumira m'mwamba.

"Ndamva, mwana wanga, ndipo n'zachisoni. Koma anthu awa achokera ku Lusaka kudzaona mayi ndi mwana. Tiike kamwana lero, ajambule, mawa ufafanize. Mwini wake sadzadziwa."

"Amayi awa alibe maso? Ndipo kalendala ikadzapachikidwa m'magolosale onse a kuno, nayonso ndidzaifafaniza?"

"Udziwa amene ali pamzere chaka chamawa? Philemon. Zaka zonsezi asemera pansi pa mlatho, fumbi la malole lili m'maso. Ukakana lero wapha ulendo wa Philemon."

Mawu amenewo anamulasa, chifukwa Philemon ndiye anaimika dzanja poyamba tsiku lomusankha iye. Shamim anamva chisoni, ndipo anadziwa kuti chisonicho sichidzamuchoka msanga. Koma anapukusa mutu.

A Gideon anavula jekete n'kulipachika pamsomali, anapinda malaya, natsegula chitini cha penti yofiirira ndi kiyi wa njinga yamoto. Dzanja lawo linali lachangu, mwana akanatha tiyi asanazizire. Atatembenuka ndi burashi yodontha, anapeza Shamim ataima chogonera khoma, mutu wake uli pakati penipeni pa mikono ya Magalita.

"Choka apo."

"Khoma la mnzako sulikhudza."

"Usandiphunzitse lamulo langa. Ndinaliika ndine, ndingathe kulichotsa."

"Mukalichotsere pansi pa mango, onse alipo, aimike manja. Pano ayi. Mphuno imodzi silowa zala ziwiri, acheya. Khoma ili ndinaliyamba ndine."

"Ukhala kunja kwa Ubale, iwe mwana."

"Ndikhala. Koma mukafuna kuika mwana apa, muyambe mwapenta ine."

Penti inadontha paburashi, inagwera pansapato ya a Gideon, iwo osaona. Amayi a m'chidikiro, amene amamvetsera ali kukhitchini, anayamba kutuluka mmodzimmodzi, dzanja kumsana, mimba patsogolo. Anayala zitenje m'munsi mwa khoma, nakhala pansi atatambalala, wina akusenda mtedza, wina akuluka mnzake tsitsi, ngati kuti pamenepo ndiye pamene amakhala masiku onse.

Galimoto ya alendo inawapeza choncho. Munatuluka mayi wa nsapato zazitali zimene zimamira mumchenga, ndi mnyamata wa kamera yaikulu pakhosi. Atapatsana moni, mayiyo anayamikira mitundu, anayamikira zitenje, kenako anafika pamene anafika a Gideon.

"Bambo Mbewe, tinagwirizana mayi ndi mwana."

A Gideon anayang'ana burashi m'dzanja lawo ngati wina wangowagwiritsa. Anayang'ana Shamim, ndipo m'maso mwawo munalibe chikondi ngakhale pang'ono. Kenako anaiika burashi pachivundikiro.

"Khoma silinathe, amayi. Mwini wake ndi uyu. Ife a Ubale sitikhudza khoma la mnzathu."

"Litha liti?"

"Mufunse mwini."

"Mwana akabwera," anatero Shamim.

Mnyamata wa kamera anaseka. "Palibe vuto, madamu. Asisi angosuntha pang'ono ndijambule. Mwana tikamuika pa kompyuta, wonenepa bwinobwino."

"Sindisuntha."

"Mphindi imodzi chabe."

"Jambulani ana awa ali apa, ndi enieni, amayi awo avomera. Apa pokha ayi."

Mnyamata anayesa kumanzere, Shamim anapendekera kumanzere. Anakwera pampando, mayi wina wapakati anaimirira mwapang'onopang'ono n'kuyamba kukung'untha chitenje patsogolo pa kamera. Mayi wa ku Lusaka anapsa mtima. Ananena kuti kalendala siifuna khoma la mabowo, anafunsa ngati anthu a kuno amadziwa tanthauzo la pangano. Pomaliza analamula dalaivala kuti atenge zitini zonse zotsala, ngakhale chija chotsegula. Kupatsa kwa anthu ena kuli ndi chingwe kumchira.

Fumbi la galimoto litatha, a Gideon anavala jekete lawo.

"Usaganize kuti ndakukhululukira. Udzayankha pansi pa mango."

"Ndidzabwera khoma likatha."

"Nthawi yako itha Loweruka. Chakudya cha Ubale chithera pomwepo."

"Ndamva, acheya."

Loweruka linafika, Shamim sanapite. Anachoka m'kachipinda kamene anamupatsa n'kukayala mphasa m'chidikiro pamodzi ndi amayi. Majid anaimba foni kuti anthu ayamba kufunsa. Iye anati awauze kuti ali kudikira, monga onse okhala m'nyumbayo. Amatunga madzi, amatola nkhuni, ndipo ana atsopano akabwera amangowajambula ndi makala papepala, poti penti inali itapita. Tsiku lina masana kunafika njinga, pakaliyala pali thumba la ufa ndi kamtolo ka kapenta. Woyendetsa anali Philemon, thukuta lili chuchuchu.

"Asonkha anzako," anatero osamuyang'ana kumaso. "Ine sindinafune kubwera, koma njinga yabwino ndi yanga yokha."

"Pepani, achimwene. Ulendo wanu ndaupha ndine."

"Waupha ndithu." Anamasula thumba n'kuligwetsa pakhonde. Anapita kukhoma, nayenda nalo lonse manja ali kumbuyo, naima nthawi yaitali pakati. "Acheya akuti usathamange. Akuti ukamaliza moipa ndiye adzakuthamangitsa zenizeni."

Za Magalita zimabwera pang'onopang'ono, ndipo sizimakwana. Nasi anamva kuti anamuchita opaleshoni ndipo ali moyo. Za mwana wina amati ali m'chipinda cha ana ofooka, wina amati sanamve kulira kulikonse. Shamim amadzuka m'mawa n'kuyang'ana mikono ija, ndipo amaopa. Amaopa kuti adzaisiya choncho mpaka kalekale, ndi kuti kukana kwake konse kudzangokhala kwa mikono yopanda kanthu. Komabe sanalakelake kuti akanalola. Mitambo inayamba kusonkhana kumapiri a kummawa, nyenje zikulira m'mitengo, anthu akusula makasu.

Linali tsiku la sikelo, amayi ali pamzere ndi ana awo, pamene njinga ina inatulukira panjira ya kumjigo. Mwamuna amaikankha osakwera, kuopa mabampu. Pakaliyala panakhala Magalita, atawonda, masaya atatuluka kuposa kale. Anafunda chitenje cha nkhanga kuyambira m'mapewa mpaka m'maondo, ndipo pachiwongolero panalendewera beseni lobiriwira lija. Maso a Shamim anagwera pabesenipo. Anaima pamene anali, osatha kupita kukamulonjera.

Magalita anatsika mosamala, dzanja limodzi lili pachilonda. Sanayambe wapereka moni. Anapita molunjika kukhoma, nayang'ana pakati, nayandikira kuti aone ngati pali popentedwa n'kufafanizidwa. Panalibe.

"Ndinamva kuti munayambana ndi mabwana."

"Pang'ono."

"Ndinamvanso kuti anatenga penti yawo."

"Anatenga yonse." Shamim anamuyandikira. "Magalita..."

"Ameneyo ndani?" Magalita anatembenuka, maso ali akuthwa monga kale. "Kuno kulibe Magalita. Muziti amake Lusiya."

Anatsegula chitenje. Pachifuwa pake panali kamwana kakang'ono, kamakwinya, kamutu kosaposa mango, katagona kukamwa kuli yasa. Mzere wa sikelo unasweka, nthungululu zinamveka mpaka kumjigo, ndipo Shamim, amene sanalire pamaso pa a Gideon kapena pa alendo, analira ngati mwana.

"Mwalira zokwana, asisi. Ntchito ikudikira." Amake Lusiya anakodola amuna awo, ndipo a Petulo anatsitsa beseni. Munali dothi lonyowa la mitundu itatu, lakuda, lofiira ndi loyera, lililonse pambali pake. "Ndakakumbitsa kudambo. Beseni mundibwezere lero lomwe, lili ndi mwini wake tsopano."

Shamim anapukuta maso. "Dothi silikhalitsa pasimenti. Mvula ikawomba pakhonde lidzachoka."

"Likachoka mubwere, mudzamuone kaye, ndiye mujambulenso." Anakhala pampando, nasendeza mwana kuti kuwala kumufike kumaso. "Ndipo musamunenepetse. Muike mmene alili."

Shamim anamuyang'anitsitsa Lusiya, timakwinya ta pamphumi, tizala tofumbata, tsitsi lonyowa ndi thukuta. Kenako anapinda manja a diresi, napisa zala m'beseni.